Kauniuni wa bungwe loteteza zachilengedwe: zomwe ma donor amaona ndi zomwe ogwira ntchito amadziwa

Lipoti ili ndi la ntchito yomwe ndinagwira ku bungwe lina losamalira zachilengedwe. Dzina sinditchula, tinagwirizana choncho, komanso anthu anamasuka nane podziwa kuti maina awo satuluka. Ine ntchito yanga ndi ya kauniuni ndi kalondolondo wa mapulojekiti, zija timangoti M&E. Bungweli si lalikulu kwenikweni, ofesi imodzi, ma field officer angapo, nazale zake, ndipo limagwira ntchito ndi magulu a anthu okhala m'mphepete mwa nkhalango. Limadzala mitengo, limasamalira malo odulidwa kuti aphukirenso okha, limalambula njira zotchinga moto, lili ndi makalabu m'masukulu. Bodi inandiitana chifukwa thandizo la donor wamkulu linali kupita kumapeto nde amafuna chogwirika choti akaonetse pokapemphanso. Amafuna kudziwa ngati bungweli likuphula kanthu, komanso ma donor ndi ogwira ntchito akuliona bwanji.

Ma donor ndinacheza nawo paokha, ena pa foni ena pa Zoom. Ogwira ntchito mmodzimmodzi, bwana palibe, chifukwa mukawaika chipinda chimodzi ndi dayilekitala aliyense amangoti zonse zili bho. Ndinawerenga malipoti omwe anapita kwa ma donor, mabajeti, ndi mabuku a kunazale olembedwa pamanja aja, amenewa ndi omwe anandithandiza kuposa china chilichonse. Kenako ndinapita kukawerenga mitengo ndekha. Papepala ndinatsata mfundo za OECD DAC, komiti ya maiko opereka thandizo la chitukuko, zomwe anthu a kauniuni timayendera, zinayamba zili zisanu mu 1991 ndipo mu 2019 anaonjezerapo imodzi, koma pocheza ndi anthu mafunso anga enieni anali awiri basi. Bungweli likuchita bwino? Nanga mukudziwa bwanji?

Funso loyamba silinavute, pafupifupi aliyense anati eya, donor ndi wantchito yemwe. Nkhani yonse inali pa lachiwirilo.

Ma donor

Ma donor si gulu limodzi ayi. Pali donor wamkulu, bungwe lomwe limapereka ndalama zambiri koma ndi malamulo ake, logframe (tebulo la zolinga za pulojekiti), ma indicator (zizindikiro zoyezera ngati ntchito ikuyenda), lipoti pakatha miyezi itatu iliyonse. Pali kampani ina yomwe imalipirira mitengo kuti izilemba mu lipoti lake la pachaka. Nde pali anthu wamba, aja amapereka kangachepe mwezi ndi mwezi kudzera pa intaneti.

Ofisala wa donor wamkulu anati ndi okhutira. Malipoti amafika pa nthawi yake, audit imatuluka yopanda mafunso, target ya mbande imakwana mwinanso kupyola. Nditawafunsa ngati anafikako kumalo komwe kunadzalidwa zaka zingapo zapitazo, anati maulendo awo amakhala afupi ndipo amapita komwe bungwe lawakonzera, nthawi zambiri kunazale ndi malo ongodzala kumene. Sanabise, ndipo ine sindiwaimba mlandu, munthu mmodzi akuyang'anira mapulojekiti ambirimbiri m'maiko angapo, chomwe chimafika pa desiki pake ndi pepala.

A kampani aja zawo zinali zachidule, amafuna nambala ndi zithunzi, zikabwera ndiye kuti ntchito yayenda.

Anthu wamba ndi amene anandigwira mtima. Ambiri sawerenga malipoti olo pang'ono, amawerenga kalata ya mwezi ija ya pa imelo, yokhala ndi chithunzi cha ana atanyamula mbande. Amalikonda bungweli ndithu, ena akhala akupereka zaka zambiri osadumphitsa. Ndipo chomwe amanyadira kwambiri, mobwerezabwereza, ndi choti bungweli siliononga ndalama pa ofesi ndi malipiro, zambiri zimapita ku mitengo. Ganizo limeneli ndi lokhazikika kwambiri pakati pa opereka thandizo kulikonse, mpaka mu 2013 akuluakulu a GuideStar, Charity Navigator ndi BBB Wise Giving Alliance, mabungwe a ku America omwe amaunika mabungwe achifundo, analemba kalata kwa opereka ndalama kuwachenjeza kuti kuchepa kwa ndalama zoyendetsera ofesi pakokha sikusonyeza kuti bungwe likugwira ntchito yabwino. Papita zaka koma uthengawo sunawafike anthu amene ndinacheza nawo. Ndipo bungweli lokha limaika nambala imeneyo pamwamba penipeni pa tsamba lake lopemphera thandizo, nde mungawadzudzule bwanji opereka.

Mukaphatikiza zonse, umboni wa ma donor ndi wa zinthu zomwe zimaoneka msanga, mbande zingati zatuluka kunazale, anthu angati aphunzitsidwa, ndalama zayenda mwachilungamo. Zonsezo nzoona ndipo ndinazitsimikiza m'mabuku, palibe anaba. Kungoti palibe mmodzi yemwe amene anatha kundiuza kuti mitengo ija ilipo ingati lero.

Si vuto la bungwe lino lokha. Chiyambireni Bonn Challenge mu 2011, pomwe maiko analonjeza kubwezeretsa nkhalango ndi malo oonongeka okwana mahekitala 150 miliyoni pofika 2020 kenako 350 miliyoni pofika 2030, mpikisano wakhala wa manambala akuluakulu. Ku Turkey pa 11 November 2019 anadzala mbande 11 miliyoni tsiku limodzi, patangopita miyezi yochepa bungwe la ogwira ntchito zaulimi ndi nkhalango kumeneko linati mwa zomwe linayendera zofika 90 pa 100 zilizonse zinali zitauma, boma linakana. Olo pamene ntchito yagwiridwa mosamala mitengo imafabe, kafukufuku wina yemwe anatuluka mu 2022 ataunika malo 176 ku Asia anapeza kuti pafupifupi 18 pa 100 inkafa chaka choyamba ndipo pofika zaka zisanu inali 44. Kotero lipoti la kudzala mitengo lomwe silitchula imfa ya mtengo olo umodzi, kwa ine limakhala kale ndi funso. Malipoti a bungwe lino, onse amene ndinawerenga, sanatchulepo.

Ogwira ntchito

Apa mpamene ndinakhalitsa. A mu ofesi ndi a ku field amalankhula ngati akugwira mabungwe awiri osiyana. A mu ofesi amayankha ngati ma donor omwe, target, audit, malipoti. A ku field akati bungwe likuchita bwino amatanthauza zina, amakamba za phiri lakuti lomwe linali mbee pano layamba kubiriwira, za gulu lakuti lomwe pano limalambula njira za moto lokha osadikira alawansi, za mlimi yemwe poyamba ankawathamangitsa koma lero akusiya mphukira m'munda mwake. Koma ukafika pa kudzala mitengo, komwe ndi ntchito yomwe imadya gawo lalikulu la bajeti, nkhope zimasintha.

Dandaulo lomwe linabwera pafupifupi kwa aliyense ndi la nthawi. Ndalama za chigawo chotsatira zimatuluka pokhapokha lipoti lapitalo litavomerezedwa, lipotilo likabwezedwa kuti akonze kandime kamodzi kokha milungu imapita, machubu agulidwa mochedwa, mbewu yafesedwa mochedwa, mbande zikamafika podzalika mvula yatsala pang'ono kusiya, koma target ili pomwepo nde amadzalabe akudziwiratu kuti zambiri sizipirira chilimwe. Mayi wina woyang'anira nazale anandionetsa buku lake, tsiku lofesa, tsiku lotulutsa, zonse zolembedwa bwinobwino, ndipo m'mbali amalemba ndi pensulo tsiku lomwe mvula yomaliza inagwa. Palibe anamuuza kuti azilemba zimenezo. Mukayang'ana masiku awiriwo mumadziwiratu zomwe mukapeze kumunda musanapite.

Chachiwiri ndi kupakiza. Chaka chino mwadzala, ina yafa, chaka chamawa mwabwerera pamalo omwewo kukapakiza m'mayenje omwe aja. Imeneyo ndi ntchito yoyenera, aliyense wodzala mitengo amatero. Koma fomu ya lipoti ili ndi malo amodzi okha, mitengo yodzalidwa, nde yopakiza ija imalowa momwemo ngati yatsopano. Dzenje limodzi likhoza kuwerengedwa kawiri mwina katatu, ndipo chiwerengero chachikulu chija chomwe chili pa tsamba la bungwe chimangokwera. Wina anganene kuti nchinyengo, ine ndinaona kuti ayi, palibe anakhala pansi nkukonza zonamiza. Fomu inafunsa, iwo anayankha zomwe inafunsa. Koma onse a ku field amadziwa tanthauzo lake, ndipo zimawadya mumtima.

Chachitatu, ndalama za ofesi zomwe opereka amanyadira kuti nzochepa zija. Kumeneko nkomwe kumayenera kuchokera mafuta opitira kukayendera mitengo ya zaka zam'mbuyo, malipiro oti munthu wodziwa ntchito asathawire kwina, ndi munthu wosunga ma data. Bajeti ili ndi mzere wa machubu, wa mbewu, wa tsiku lodzala, koma ilibe wa kubwererako. Adalaivala, omwe akhalitsa kuposa ma ofisala onse, ndi amene anatha kundifikitsa pa malo ena akale chifukwa amene anadzalitsa anasiya ntchito kalekale ndipo malowo sanalembedwe pa mapu aliwonse.

Zomwe ndinapeza kumalo

Ndinasankha ndekha malo oti ndiyendere kuchokera m'mabuku, osalola kuti andisankhire. Njira yake njophweka, tepi, kumanga kachigawo, kuwerenga mayenje onse ndi mitengo yamoyo, kuyeza msinkhu, kujambula malo ndi GPS ya pa foni.

Malo ena anali abwino zedi, makamaka komwe mitengo ili ndi mwini, m'minda ya anthu ndi mozungulira nyumba, munthu anasankha yekha mtundu womwe akufuna ndipo amauteteza. Malo a gulu, aja amadzala anthu ambiri tsiku limodzi alendo atabwera, ndi omwe anali omvetsa chisoni. Pamalo ena mizere ya mayenje ikuonekabe bwinobwino, mtunda wake wofanana, koma mukamayenda mumangopeza kamtengo kouma, dzenje lotsatira chiswe, lotsatira mbuzi zinadya nsonga mpaka kamtengo kanangopinimbira kofika m'bondo. Ndinakumba pang'ono pa kamodzi kouma nkupeza chubu chikadali momwemo, wodzalayo sanachichotse, mizu inangozungulirazungulira mkati ngati mpira osatulukira kunja. Cha pambali pomwepo, mamita ochepa chabe, chitsa chakale cha mtengo wachilengedwe chinali chitaphukira nthambi zotalika kuposa ine, popanda wochithirira.

Zimenezi ndi zomwe a ku field amayesa kunena. Ntchito yosamalira zitsa, kusiya mphukira ziwiri zitatu zamphamvu nkudulira zinazo, kuteteza moto ndi ziweto, njotchipa ndipo mizu ilipo kale pansi. Si zachilendo, ku Niger njira imeneyi inayamba kufalikira m'zaka za m'ma 1980 m'chigawo cha Maradi, katswiri wa zaulimi wa ku Australia Tony Rinaudo ali m'gulu la oilimbikitsa, ndipo akatswiri amati yabwezeretsa mitengo pa mahekitala pafupifupi 5 miliyoni. Bungwe lino limaichita, ndipo ndi yomwe ogwira ntchito amainyadira, koma mu lipoti la donor imapatsidwa ndime imodzi kumapeto chifukwa ilibe indicator, komanso chitsa sichikongola pa chithunzi.

Pomwe ogwira ntchito akuphonya

Ndisaoneke ngati ndikungoikira kumbuyo a ku field, nawonso umboni wawo uli ndi mabowo. Zomwe amadziwa nzoona koma zili m'mitu mwawo, ndipo munthu amakumbukira malo omwe anamusangalatsa. Phiri lobiriwira lomwe aliyense ankanditumako lija ndi lotsetsereka, lamiyala, kutali ndi msewu, galimoto ya makala singafikeko. Nde funso nkumati, likanakhala bwanji bungwe likanapanda kubwera? Palibe anayezapo malo ena ofanana nalo komwe bungwe silinagwireko kuti tifananize. Funso limeneli akatswiri a kafukufuku Paul Ferraro ndi Subhrendu Pattanayak analifunsa kale mu 2006, kuti ntchito zoteteza chilengedwe zimadya ndalama zambiri koma sizimayesedwa mofananiza chonchi. Ndipo ku Costa Rica atayesa mu 2008 anapeza kuti mwa nkhalango zotetezedwa, pafupifupi 10 pa 100 zokha ndi zomwe zikanadulidwa pakanapanda chitetezocho, zambiri zinali m'malo oti anthu sakanazifuna kale.

Chinanso, kudula kukaletsedwa pano kumangosamukira kwina. Ndinayang'ana pa Global Forest Watch, mapu a pa intaneti oonetsa komwe nkhalango ikutha, ija ya World Resources Institute yomwe inayamba mu 2014 ndipo imagwiritsa ntchito zithunzi za satelaiti za Landsat, aliyense akhoza kutsegula mwaulere. M'malo a pulojekiti zinkaoneka zodekha, koma nkhalango yoyandikana nayo, kunja kwa malire a pulojekiti, inkaoneka kuti ikutha. Sindinganene kuti wachititsa ndi bungweli, ndipo chida chimenechi chili ndi malire ake, kadontho kamodzi pa chithunzi ndi mamita 30 pansi, chimawerenga zomera zopitirira mamita 5, nde mbande ndi mphukira sichiziona ndipo m'nkhalango zouma zamitengo yapatalipatali chimaphonya. Komabe ogwira ntchito ena nditawaonetsa sanadabwe, anati amadziwa kuti anthu amapita uko. Sichinalembedwe paliponse chifukwa uko si dera lawo.

Tsiku lomwe anakumana

Ndinapempha kuti zotsatira ndikazipereke onse ali pamodzi, bodi, ogwira ntchito, ndi ofisala wa donor wamkulu pa Zoom. A dayilekitala poyamba sanafune, ndipo ndinawamvetsa, malipiro a anthu onsewa ali pamapewa pawo, mantha awo anali oti donor akamva za mitengo yakufa basi kwatha.

Zinachitika ndi zina. Ofisala uja atamva za kupakiza anangofunsa kuti bwanji sanauzidwe kale, anati ku bungwe lawo amadziwa kuti mitengo imafa ndipo lipoti longoonetsa zabwino zokhazokha limawavutanso kuliteteza kwa mabwana awo. Mmodzi wa ma field officer anayankha mwaulemu kuti fomu sinafunsepo, ndipo kuti ulendo wina atalemba za moto womwe unaononga malo ena, ndimeyo inachotsedwa lipoti lisanatuluke mu ofesi. M'chipindamo munangoti zii. Sanatchule amene anachotsa, panalibenso chifukwa.

Apa mpomwe ine ndinaona gwero lake. Donor akuganiza kuti akadakhala ndi vuto akanandiuza, ogwira ntchito akuganiza kuti akadafuna kudziwa akanafunsa, pakati pali ofesi yomwe ikusefa nkhani kuti aliyense asakhumudwe, ndipo chifukwa ndalama zimatsata nambala ya mbande, chaka ndi chaka bungwe likuthira mphamvu zambiri pa ntchito yomwe ogwira ntchito ake akuikayikira nkumachepetsa yomwe akuikhulupirira. Zonse zomwe ndinanena tsiku limenelo a ku field anakhala akuzinena m'mamiting'i awo kwa zaka. Paja amati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma apa kalumoko kanali kawo komwe, ine ndinangolipidwa kukanyamula.

Maganizo anga ndi zomwe ndinalangiza

Kodi bungweli likuphula kanthu? Mbali ina eya. Ndalama zimasamalidwa, anthu a m'madera amalikhulupirira zomwe si zapafupi, mitengo ya m'minda ya anthu ilipo, kusamalira mphukira kukuoneka kuti kukuyenda olo sikunayezedwe. Kudzala kwa pagulu, mmene kukuchitikira panopa, sikukubweza ndalama zomwe kukudya. Ndinawauzanso a bodi kuti asataye mtima ngati kuti kuteteza chilengedwe nkutaya nthawi, kafukufuku wamkulu yemwe anatuluka m'magazini ya akatswiri ya Science mu 2024, ataphatikiza kafukufuku wina 186, anapeza kuti pa ntchito zitatu zilizonse ziwiri zinathandizadi, kaya kukonza zinthu kapena kuchepetsa liwiro la kuonongeka. Kungoti amene anadziwa zimenezo ndi amene anayeza.

Ndinalangiza kuti fomu igawidwe, yodzala kumene payokha, yopakiza payokha, ndipo nambala yomwe izipita kwa donor ikhale ya mitengo yamoyo pakatha chilimwe choyamba, kenako pakatha zaka zitatu. Malo aliwonse alembedwe ndi GPS tsiku lodzala lomwelo. Ndalama za nazale zizituluka motsata nyengo ya mvula osati kalendala ya malipoti, ndipo zikachedwa a ku field akhale ndi mphamvu yokana kudzala popanda kuopa kuti aoneka olephera. Kusamalira mphukira kukhale ndi indicator yake ndi mzere wake mu bajeti, ndipo asankhe malo angapo ofanana komwe sakugwirako kuti aziyeza nawonso. Lipoti lisanapite kwa donor, amene analemba ndime za ku field aziliona kaye.

Donor wamkulu anavomera zogawa fomu ndi zoika mzere wa kalondolondo mu pempho latsopano. Za kalendala ya ndalama anati sizili m'manja mwa ofisalayo, akazipereka kumtunda. Kampani ija itauzidwa kuti nambala itsika chifukwa tsopano aziwerenga yamoyo yokha, inati iganizire kaye, pomwe ndikulemba pano sinabwererenso.

Pomwe bodi inagawikana ndi pa anthu wamba aja. Uthenga wopemphera thandizo umati ndalama yakuti ndi mtengo umodzi, ndipo ndi umene umabweretsa ndalama zopanda zingwe, zomwe zimalipira lendi ndi malipiro pulojekiti ina ikatha ina isanayambe. Woyang'anira zopeza ndalama akuti ukawauza anthu kuti mitengo ina imafa asiya kupereka, a ku field akuti kupitiriza kulonjeza mtengo umodzi pa ndalama yakuti nkudzimangiriranso ku target yomweyo. Ine ndinati ayese kaye pa kagulu kochepa ka opereka, awatumizire kalata yonena zonse, yakufa ndi yamoyo ndi zomwe akusintha, aone ngati angathawedi, mmalo momangoganizira. Bodi inati ikambirananso pa msonkhano wake wotsatira. Kuwerenga koyamba kwa mitengo yamoyo kwaikidwa kumapeto kwa chilimwe chikubwerachi, ndipo chifukwa ndalama za pempho latsopano zidzakhala zisanafike, mafuta ake achokera ku thumba la anthu wamba lomwelo.